ZIWETO ZATHU ZIDZADYA CHIYANI MU OKUTOBALA?

Mawu oyankhulidwa pa maphunziro a atsogoleri a Miphakati ndi mabungwe a m'Parishi

 Mwina ena akudabwa kuti a Komiti ya Chitukuko, amene nthawi zina timabwera kudzakamba za ufulu, za chisankho ndi za udindo wa nzika, lero tabwera ndi nkhani ya udzu. Tikupemphani kuti mudekhe. Tikamafika kumapeto muona nokha kuti nkhani ya chakudya cha mbuzi ndi ng'ombe ikukhudza mtendere wa m'mudzi, sukulu ya ana athu, ndiponso chilungamo pakati pa wolemera ndi wosauka.

Titsata njira imene tinazolowera m'Miphakati mwathu. Poyamba tiona m'mene zinthu zilili, kenaka tilingalira, ndipo potsiriza tigwirizana chochita.

1. TIONE M'MENE ZINTHU ZILILI

Kuno kwathu mvula imagwa kuyambira Novembala kapena Disembala kufikira Malichi kapena Epulo. Pa miyezi imeneyi msipu umakhala wambiri, koma ziweto sizikhala pa ufulu chifukwa minda ili ndi mbewu. Mbuzi timazimangirira pa chingwe, ng'ombe timazipereka kwa anyamata kuti akadyetse ku dambo. Tikakolola timazimasula zonse kuti zikadzionere zokha. Mu Juni ndi Julayi zimanenepa ndithu, popeza m'minda muli mapesi. Koma pofika Seputembala mapesi atha, ena adyedwa ndi chiswe, ena apsa ndi moto wa osaka mbewa. Okutobala akamafika nthiti za ng'ombe zimawerengeka uli patali. Mbuzi zimayamba kudya mapepala a pulasitiki pa msika ndi kukungudza makungwa a mitengo imene tinabzala ndi thukuta.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Mbuzi yabere imataya mwana kapena kubereka mwana wofooka amene satha sabata. Ng'ombe ya mkaka imaphwa. Ng'ombe zokoka ngolo zimakhala zopanda mphamvu pa nthawi imene tikuzifuna kuti zitute manyowa. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene timafuna ndalama za feteleza ndi za sukulu, kotero timagulitsa chiweto chowonda pa mtengo umene wogula watchula yekha. Pa zaka za chilala, monga 1992, 2016 ndi 2024, mavuto amenewa anafika msanga ndipo anakhalitsa.

Koma vuto lalikulu ndi ili: chiweto chanjala sichidziwa malire. Chimathyola mpanda wa dimba ndi kudya tomato, mpiru ndi chimanga chimene mnzathu wakhala akuthirira ndi kheni kwa miyezi iwiri. Pamenepo mkangano wayamba. Anthu amene dzulo anali kupemphera Kolona pamodzi lero sapatsana moni. Ena amafika potema mbuzi ya mnzawo ndi chikwanje, ena amathira mankhwala m'madeya. Mafumu athu ali pano atichitira umboni kuti m'chilimwe milandu ya ziweto siitha pa bwalo.

Tsono funso lathu ndi ili: popeza timadziwa chaka ndi chaka kuti Okutobala akubwera, chifukwa chiyani timalimira anthu okha chakudya, ziweto ayi?

2. PHUNZIRO LOCHOKERA KU MBEWU YA KUTALI

Tisanakambe za kwathu kuno, tiyeni tione zimene alimi a maiko ena anachita. Tasankha mbewu imodzi imene ili ndi maphunziro awiri, lina lokoma ndi lina lowawa. Dzina lake pa Chingerezi ndi Jerusalem artichoke, ndipo akatswiri a zomera amaitcha Helianthus tuberosus.

Dzinali lisatinamize. Mbewu imeneyi siinachokere ku Yerusalemu ayi. Kwawo ndi ku North America, kumene eni nthaka a kumeneko ankailima Azungu asanafike. Mfalansa wina woyendera maiko, Samuel de Champlain, anaiona m'minda ya anthu ku Cape Cod m'chaka cha 1605, ndipo patangopita zaka zochepa inafika ku France, kumene amaitcha topinambour. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mawu oti Jerusalem anabwera chifukwa cha kusamvetsa mawu a Chitaliyana oti girasole, amene amatanthauza mpendadzuwa. Ndipo zoonadi mbewuyi ndi mbale wake wa mpendadzuwa umene timalima kuno. Imatalika mamita awiri kapena atatu, ili ndi masamba okhakhala ndi maluwa achikasu ang'onoang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti chuma chake chili pansi: imabereka zinthu zonga mbatata, za mfundo-mfundo ngati jinja.

Alimi a ku France ndi maiko ena a ku Ulaya anaikonda mbewuyi monga chakudya cha ziweto pa zifukwa zitatu. Choyamba, imapereka chakudya pawiri. Masamba ndi mitengo yake amadula n'kupatsa ng'ombe ndi nkhosa, kapena kuzisunga m'dzenje kuti zidzadye mtsogolo, ndipo mbatata zake amapatsa nkhumba ndi ng'ombe. Chachiwiri, imapirira m'nthaka yosauka imene mbewu zina zimakana. Chachitatu, mbatata zake siziwonongeka ndi chisanu zikakhala m'nthaka, kotero munda weniweniwo umasanduka nkhokwe. Nthawi yozizira, pamene kulibe msipu, mlimi amakumba zimene akufuna, kapena kungolowetsa nkhumba m'munda kuti zifukule zokha. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, mbatata ya kachewere itasowa ku France, anthu omwe anapulumukira chakudya cha ziweto chimenechi.

Ili ndiye phunziro lokoma. Alimi amenewa anadziwa kuti chaka chili chonse kuli miyezi yopanda msipu, ndipo anapatula gawo la munda kuti alimire ziweto. Iwo mdani wawo ndi chisanu, ife mdani wathu ndi dzuwa, koma nzeru yake ndi imodzi.

Mbewuyi ili ndi zovuta zakenso. Mukadula masamba ake msanga kuti mudyetse ng'ombe, mbatata za pansi zimachepa. Simungapeze zonse ziwiri zochuluka. Mbatata zake zili ndi khungu lopyapyala, kotero zikakumbidwa sizichedwa kufota. Zili ndi mtundu wa shuga wotchedwa inulin umene umadzaza mpweya m'mimba mwa anthu ambiri. Kachidutswa kali konse kotsala m'nthaka kamameranso, mwakuti mbewuyi ikalowa m'munda imavuta kuichotsa ndipo imalimbana ndi mbewu zina ngati udzu woipa. Komanso ndi mbewu ya maiko ozizira, siichita bwino m'madera otentha kwambiri.

Tsopano phunziro lowawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 alimi a ku United States anali pa mavuto a ngongole ndi kutsika kwa mitengo ya zokolola. Kampani ina ya m'tauni ya Marshall, m'chigawo cha Minnesota, inayamba kulalikira kuti Jerusalem artichoke ndiye mpulumutsi wa mlimi. Inkanena kuti mbewuyi idzapangidwa mafuta a galimoto, shuga, chakudya cha anthu ndi cha ziweto. Pa misonkhano yake pankatchulidwanso dzina la Mulungu, ndipo anthu opemphera anakhulupirira msanga. Alimi ambiri anagula mbewu pa mtengo wokwera, ena ndi ndalama za ngongole. Koma msika weniweni kunalibe. Wogula yekha amene analipo anali mlimi wina watsopano wofuna mbewu, amenenso ankayembekeza kudzagulitsa kwa wina. M'chaka cha 1983 kampaniyo inagwa, ndipo alimi anatsala ndi minda yodzaza ndi mbatata zopanda wogula.

Abale athu, mbewuyo inalibe mlandu. Inachita zimene Mulungu anailengera. Cholakwa chinali kwa anthu amene anagulitsa malonjezo, ndi kwa anthu amene anagula osafunsa. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiponso anati safunsa anadya phula. Kunonso kumabwera anthu ndi mbewu zachilendo, ndi mankhwala odabwitsa, ndi malonjezo a ndalama zochuluka msanga, makamaka nthawi ya njala ndi nthawi ya kampeni. Nzika yodziwa udindo wake imafunsa mafunso anayi isanatulutse ndalama:

(a) Kodi mbewuyi inayesedwa kuno kwathu, pa nthaka ndi mvula yathu?
(b) Kodi mlangizi wa zaulimi akuidziwa?
(c) Kodi adzagula zokolola ndani, ndipo pali pangano lolembedwa?
(d) Ngati wogula sabwera, kodi banja langa kapena ziweto zanga zingathe kudya zimene ndalimazo?

Choncho sitinabwere kudzakuuzani kuti mukafune Jerusalem artichoke. Tabwera kudzakuuzani kuti titenge nzeru yolimira ziweto chakudya, koma tiigwiritse ntchito ndi zomera zimene zili kale pakati pathu.

3. ZIMENE TILI NAZO KALE

Nsenjere

Udzu umenewu tonse timaudziwa, umamera m'mbali mwa mitsinje. Alangizi amautchanso Napier. Ndi udzu wa kuno ku Africa, ndipo alimi a ng'ombe za mkaka a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Lilongwe ndi Mzuzu amaudalira kwambiri. Kabzalidwe kake n'kosavuta. Dulani tsinde lokhwima m'zidutswa za mfundo zitatu. Zikani chopendeketsa, mfundo ziwiri m'nthaka, imodzi kunja. Mizere italikirane pafupifupi masentimita 90, ndipo mapando atalikirane masentimita 60. Bzalani mvula ikakhazikika, thirani manyowa, palirani. Pakapita miyezi itatu kapena inayi mukhoza kuyamba kudula.

Chinsinsi cha nsenjere chili pa nthawi yodula. Dulani itatalika pafupifupi mita imodzi, ndiye kuti yofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, ndi kusiya chitsa chotalika ngati chikhato. Mukaisiya kuti italike kupitirira mutu imakhala ngati bango, ziweto zimangodya nsonga n'kusiya zina. Nthawi ya mvula imaphukanso n'kufika podula pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Iduleni m'tizidutswa ndi chikwanje musanapatse ziweto kuti zisatayetaye. Nsenjere ndi udzu wadyera, umatha chonde, kotero manyowa a m'khola azibwerera komweko. Simufunika munda wapadera ayi. Bzalani m'malire a munda, m'mbali mwa dimba ndi m'zigwembe zimene madzi akukumba, ndipo idzagwiranso ntchito yoteteza nthaka.

Mitengo ya chakudya cha ziweto

Udzu wokha uli ngati nsima yopanda ndiwo. Ndiwo za ziweto ndi masamba a mitengo ya m'gulu la nyemba, chifukwa ali ndi chakudya chomanga thupi. Mitengo imeneyi mizu yake imapita pansi kwambiri, kotero imakhala yobiriwira pamene udzu wauma. Tili ndi lukina, gliricidia, jelejele ndi nandolo. Tilinso ndi msangu, mtengo wodabwitsa umene umayoyola masamba nthawi ya mvula, osaphimba chimanga, n'kuphuka m'chilimwe, ndipo nyemba zake zimagwa pa nthawi yeniyeni imene ziweto zili ndi njala. Amene ali ndi msangu m'munda asaudule.

Pano tichenjezane. Lukina ali ndi kapoizoni kamene kamathothola ubweya ndi kudwalitsa chiweto chikadya wambiri. Asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha mbuzi kapena ng'ombe, ndipo nkhumba ndi akalulu muziwapatsa pang'ono zedi. Masamba a gliricidia ali ndi fungo limene ziweto zina zimakana poyamba. Afotetseni pa mthunzi tsiku limodzi, zidzazolowera. Ombwe, umene ena timabzala kuti ubwezere chonde ndi kupha tizirombo, si chakudya cha ziweto. Ndipo musadalire mtengo wa mtundu umodzi. M'zaka za m'ma 1990 kachirombo koyamwa masamba kanafika m'maiko a kuno n'kuwononga lukina wambiri, ndipo amene anali ndi mitengo yosiyanasiyana ndiwo anapulumuka.

Mbatata

Ngati pali mbewu ya kwathu yogwira ntchito yofanana ndi Jerusalem artichoke, ndiyo mbatata ya kholowa. Nayonso imapereka pawiri: pansi chakudya cha banja, pamwamba chakudya cha ziweto. Masamba ndi mitsitsi yake yoyanga ndi zabwino kwa mbuzi, nkhumba, akalulu ndi ana a ng'ombe. Mbatata zing'onozing'ono ndi zobooledwa ndi nankafumbwe, zimene timazisiya m'munda, nkhumba zimadya. Lamulo lake ndi lomwe lija: mukadula masamba ambiri mbewu ikadali yaing'ono, mbatata za pansi zimachepa. Dikirani ikule, ndipo muzidula pang'ono pa phando lili lonse. Masamba a chinangwa nawonso ziweto zimadya, koma ayambe afota kapena auma, chifukwa aawisi ali ndi poizoni, makamaka a chinangwa chowawa.

Mfutso wa ziweto

Amayi, apa ndinu aphunzitsi athu. Mu Febuluwale ndi Malichi, pamene nkhwani ndi khwanya zili mbwee, inu mumafutsa ndi kusunga m'zikwatu, podziwa kuti kukubwera masiku osowa ndiwo. Ziweto nazo zifunika mfutso wake. Mwetani udzu pamene wangoyamba kuchita maluwa, cha mu Malichi kapena Epulo, usanakhwime. Uyanikeni masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza, uume koma usataye kubiriwira kwake. Umangeni m'mitolo ndi kuusunga pa thandala lokwera, lofoleredwa bwino, kumene mvula ndi chiswe sizifika. Udzu umene waumira wokha kutchire mu Ogasiti ndi wongodzaza mimba, mphamvu yake inatha kale.

Chitani chimodzimodzi ndi masangwi a mtedza, makoko a nyemba ndi a soya, ndi masamba a nandolo. Zimenezi ndi zamtengo wapatali kuposa mapesi, koma ndi zimene timaziwotcha kawirikawiri. Mapesi nawo tutani mukangokolola, masamba ake asanayoyoke. Tikudziwa kuti alangizi amatilimbikitsanso kuphimbira nthaka ndi mapesi. Zonse ziwiri ndi zofunika, kotero banja ligwirizane: gawo lina litsale m'munda, gawo lina lipite ku khola, ndipo manyowa abwerere kumunda. Madeya musagulitse onse kwa ophika kachasu. Yanikani bwino ndi kusungako. Chakudya chili chonse chimene chachita chuku musapatse ziweto.

Tiwerengere pang'ono. Chiweto chimadya msipu wauwisi wolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lake pa tsiku. Mbuzi ya makilogalamu 30 ifunika makilogalamu atatu. Ng'ombe ya mkaka ya makilogalamu 400 ifunika makilogalamu 40, kuwonjezapo madzi ndowa ziwiri kapena zitatu, ndi mchere pang'ono. Yense akawerenge ziweto zake ndi masiku a kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Ngati chiwerengero chikukana, ndi bwino kugulitsa chiweto chimodzi mu Juni chili chonenepa kusiyana ndi kutaya ziwiri mu Novembala.

4. TILINGALIRE MONGA AKRISTU NDI NZIKA

Malembo Oyera sanaiwale nkhani imeneyi. M'buku la Genesis mutu 41 timamva za Yosefe amene anasunga chakudya pa zaka za dzinthu dzambiri, ndipo anapulumutsa Ejipito ndi abale ake omwe. M'buku la Miyambo mutu 27 mwini ziweto akulangizidwa kudziwa bwino m'mene ziweto zake zilili ndi kututa udzu pa nthawi yake, kuti banja lake lipeze mkaka ndi zovala. Ndipo m'buku la Eksodo mutu 22 muli lamulo lakuti munthu amene walekerera chiweto chake kudya m'munda wa mnzake abweze kuchokera pa zokolola zabwino koposa za m'munda wake. Taonani kuti mlandu ukuikidwa pa mwini chiweto, osati pa mwini munda.

Ife kawirikawiri timachita mosiyana. Timanena kuti mwini dimba ndiye amange mpanda wolimba. Tsono ganizirani za mayi wamasiye amene alibe ngakhale nkhuku, alibenso mwamuna womudulira mitengo ya mpanda. Dimba lake ndilo sopo wake, mchere wake ndi makope a ana ake. Ng'ombe khumi za munthu wolemera zikalowamo usiku umodzi, ntchito yonse yatha. Akapita kukadandaula amauzidwa kuti ino ndi nyengo yomasula ziweto. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Wolemerayo wadyetsa ziweto zake ndi thukuta la wosauka, ndipo phindu la ziwetozo adzadya yekha.

Pa 8 Malichi 1992 Maepiskopi athu anatulutsa kalata imene inatsegula pakamwa pa Amalaŵi. Pa 14 Juni 1993 tinasankha ndale za zipani zambiri, ndipo mu 1994 tinalandira Malamulo atsopano oyendetsera dziko. Malamulo amenewa amateteza ufulu wa munthu ali yense wokhala ndi katundu, ndiponso ufulu wa chitukuko. Koma ena anamva molakwa, nayesa kuti demokalase ndiye kuti ali yense achite zimene akufuna. Ayi. Mbuzi yanu ndi katundu wanu, ndipo palibe woloredwa kuitema kapena kuithira mankhwala. Wochita zotero wapalamula mlandu ngakhale mbuziyo inamudyera mbewu. Koma tomato wa mnzanu nayenso ndi katundu wake. Ufulu wanu woweta umabwera pamodzi ndi udindo wodyetsa zimene mukuwetazo. Ndipo pa bwalo la milandu, ng'ombe ya mfumu, ya mkulu wa Mpingo kapena ya wandale iweruzidwe mofanana ndi mbuzi ya munthu wamba.

Pali anthu enanso amene amalipira mtengo wa kusakonzeka kwathu, ndiwo ana. Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere kuyambira 1994, komabe anyamata ambiri amakhala ku dambo ndi ng'ombe pamene anzawo ali m'kalasi. Ena ndi ana athu, ena ndi ana a anthu osauka amene tinawalemba ntchito ya ubusa. Banja limene lili ndi nsenjere pafupi ndi khola, ndi mfutso pa thandala, lingathe kudyetsa ziweto m'mawa ndi madzulo, mwana n'kupita kusukulu. Tisalole kuti ng'ombe zinenepe pamene mwana akukula wosadziwa kulemba dzina lake.

Tisaiwalenso moto. Munthu mmodzi wofuna mbewa zodzaza mpani umodzi amatentha msipu wa ziweto za mudzi wonse, pamodzi ndi udzu wofolera nyumba ndi mitengo yaing'ono. Papa Fransisko, m'kalata yake ya 2015 yonena za chilengedwe, anatikumbutsa kuti dziko lapansi ndi mudzi wa tonse, ndipo kuti chilengedwe chikawonongeka woyamba kuvutika ndi wosauka. Dambo ndi tchire ndi chuma cha tonse. Wotentha tchire waba za anthu onse nthawi imodzi.

5. TSONO TICHITENJI?

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi likabzala nsenjere ndi mitengo pamene mbuzi za mudzi wonse zikuyendayenda, zonse zidzadyedwa zisanakule, ndipo banjalo lidzagwa mphwayi. Ntchito imeneyi ifunika mgwirizano. Tikupempha izi:

(a) Banja lili lonse loweta libzale chaka chino mizere ya nsenjere ndi mitengo ya chakudya cha ziweto, ngakhale pang'ono, ndipo limange thandala losungira udzu ndi masangwi.

(b) Mphakati uli wonse upeze kamalo kochulukitsirako mbewu ya nsenjere ndi mbande za mitengo, kuti mabanja azitenga kwaulere. Oyamba kulandira akhale amasiye, okalamba ndi olumala, ndipo achinyamata awathandize kubzala.

(c) M'magulu a mbuzi zopatsirana, munthu asalandire mbuzi asanaonetse khola labwino ndi chakudya chimene wakonza. Kupatsa munthu mbuzi yopanda chakudya ndi kumupatsa mlandu.

(d) Tipemphe mafumu athu aitanitse msonkhano wa mudzi wonse, amayi ndi abambo, oweta ndi osaweta, a mipingo ina ndi Asilamu omwe, kuti tigwirizane malamulo a m'mudzi: tsiku lomasula ziweto, malo amene ziweto siziloredwa chaka chonse, chipepeso cha mbewu zodyedwa, ndi chilango cha wotentha tchire. Malamulowo alembedwe ndi kuwerengedwa poyera, ndipo ndalama za chindapusa zidziwike kumene zapita.

(e) Tiitane mlangizi wa zaulimi ndi wa ziweto wa m'dera lathu kuti adzationetse ndi manja kabzalidwe ndi kafutsidwe. Iwo ndi antchito a boma olipidwa ndi misonkho yathu, kuwaitana ndi ufulu wathu. Nkhaniyi ifikenso ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi.

(f) Pa banja, mwamuna ndi mkazi agawane ntchito yomweta ndi kutunga madzi a ziweto, ndipo agwirizane pogulitsa chiweto ndi pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zake. Si bwino kuti mayi asenze udzu chaka chonse, bambo n'kukagulitsa mbuzi yekha osanena mtengo.

6. MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi m'mudzi mwathu ziweto zimavutika ndi njala miyezi iti? Nanga chaka chatha tinataya zingati?
2. Milandu ya ziweto zodya mbewu imaweruzidwa bwanji kwathu kuno? Kodi wosauka amapeza chilungamo?
3. Ndi ana angati a mu Mphakati wathu amene sapita kusukulu chifukwa cha ubusa? Tingawathandize bwanji?
4. Kodi kunabwerapo anthu otilonjeza chuma ndi mbewu kapena malonda achilendo? Tinafunsa mafunso otani, ndipo zinatha bwanji?
5. Ndi ntchito iti imodzi imene tiyambe mwezi uno, ndipo atsogolere ndani?

MAWU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, palibe mbewu ya matsenga imene idzachokere kunja kudzathetsa mavuto athu. Alimi a ku France anapindula ndi Jerusalem artichoke chifukwa anailima ndi cholinga chodziwika, chodyetsa ziweto zawo. Alimi a ku Minnesota analira nayo chifukwa anailima potsata malonjezo a anthu ena. Ife tili ndi nsenjere ku mtsinje, msangu m'munda, mbatata ku dimba, ndi nzeru ya mfutso m'manja mwa amayi athu. Chotsala ndi kugwirizana ndi kuyamba nthawi ikadalipo.

Mukabwerera ku Miphakati yanu, kafotokozereni anzanu zimene mwamva, kambiranani mafunsowa, ndipo mutitumizire mayankho anu kudzera kwa Abambo Mfumu. Tidzabweranso nthawi yokolola kudzaona mathandala amene mwamanga. Ambuye adalitse mabanja anu, minda yanu ndi ziweto zanu.